PHUNZIRO 7: MAU A AKATSWIRI ONENA ZA NYANJA NDI MITSINJE YATHU

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli tikhale titamvetsa mau ena amene alangizi ndi akatswiri amagwiritsa ntchito pokamba za nyanja, mitsinje ndi nsomba, kuti pamsonkhano wa chitukuko tizitha kufunsa ndi kuyankha mopanda mantha. Mtsogoleri wa mphakati awerenge pang'onopang'ono, ndipo aziima kuti anthu afunse. Musanayambe werengani Genesis 2:4-15.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, wina angafunse kuti: kodi ife a ku Mwanza za nyanja zikutikhudza bwanji? Kwathu kuno ndi kumapiri. Timalima chimanga, nandolo ndi manachesi, ndipo ambiri mwa ife bwato tinangoliona pachithunzi. Funsoli ndi labwino. Koma taonani ndiwo zimene tinadya sabata yathayi. Usipa, utaka ndi matemba zimene amayi amagula pamsika wa pa boma sizichokera mu mtsinje wa Mwanza ayi. Magetsi a kuchipatala ndi kuchigayo amapangidwa ndi madzi a mu Shire, ndipo Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi. Tsono nyanja imalowa m'nyumba zathu tsiku ndi tsiku ngakhale ili kutali.

Vuto limene taliona ndi ili. Alendo akabwera pamudzi ndi nkhani ya mitengo, madamu a nsomba kapena ulimi wa mthirira, amalankhula Chichewa chosakaniza ndi mau achingerezi a kusukulu zapamwamba. Ife timangogwedeza mutu, kuomba m'manja, nkusaina. Akachoka mpamene timayamba kufunsana kuti paja amati chiyani. Munthu amene sanamve sangakane, ndiponso sangavomere ndi mtima wonse. Chikhalirecho ambiri mwa mau amenewa amanena zinthu zimene makolo athu ankazidziwa kale.

Nyanja inakhala bwanji pamene ilipo?

Mau oyamba ndi akuti Rift Valley. Tanthauzo lake ndi chigwa chimene chinapangika chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka. Akatswiri a miyala amafotokoza kuti kwa zaka mamiliyoni ambiri dziko la kum'mawa kwa Africa lakhala likukokeka pang'onopang'ono mbali ziwiri. Pakati pake nthaka inatitimira, m'mbali munatsala mapiri, ndipo madzi a mvula anadzaza malo otitimirawo. Umu ndi mmene nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika zinakhalira zazitali, zopapatiza ndi zakuya. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kwake ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Pamwamba pa madzi ake ndi pokwera mamita pafupifupi 474 poyerekeza ndi nyanja yamchere, kutanthauza kuti pansi pake penipeni ndi potsika kuposa madzi a ku Beira.

Mzere umene nthaka inang'ambikira amautcha fault, ife tingati mng'alu. Ming'alu imeneyi sinathere kunyanja. Chigwa chomwecho chimapitirira ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo umodzi mwa ming'alu yake ikuluikulu akatswiri anaupatsa dzina la kwathu, amati Mwanza Fault, chifukwa umatsata chigwa cha mtsinje wa Mwanza. Nthaka ikasuntha pa mng'alu timamva chivomezi, monga chinachitika ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009. Akasupe a madzi otentha a ku Nkhotakota nawonso ndi chizindikiro cha ming'alu yomweyi.

Mkhristu asakhumudwe ndi zaka mamiliyoni zimenezi. Malembo Oyera amatiphunzitsa amene analenga ndi chimene analengera. Katswiri wa miyala amangofufuza njira imene zinthuzo zinayendera. Mpingo suona mkangano pamenepa.

Madzi a pamwamba ndi madzi a pansi

Amene amaphunzira za nyanja ndi madzi ena osakhala amchere amatcha phunziro laolo limnology. Iwo anapeza chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Madzi a m'nyanja ya Malawi sasakanikirana onse. A pamwamba amatenthedwa ndi dzuwa ndipo ndi opepuka, a pansi ndi ozizirirapo ndi olemera, choncho amakhala mosanjikizana. Kusanjikizana kumeneku amati stratification. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kupita pansi mulibe mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma, ndipo madzi otero amati ndi anoxic. Kumeneko nsomba sizikhalako.

Mfundo iyi tiisunge bwino. Anthu amakonda kunena kuti nyanja ndi yaikulu, nsomba sizingathe. Koma gawo lalikulu la madzi a m'nyanjayi ndi lopanda nsomba. Nsomba zimakhala pamwamba ndi m'mphepete, makamaka kumwera, kumadera a Mangochi ndi Salima, kumene nyanja ndi yosaya. Zili ngati munda waukulu umene pakati pake ponse ndi thanthwe, polimika ndi m'mbali mokha.

Nanga kumweraku kumachulukiranji nsomba? M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kumaomba mphepo ya mwera, yomwe imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Madzi ozizira a pansi, amene ali ndi chonde chochokera ku zinthu zoola, amakwera kudzalowa m'malo mwake. Akatswiri amati upwelling. Chondecho chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi. Tizomerato timadyedwa ndi tizilombo tating'onoting'ono, ndipo zonse ziwirizi pamodzi amazitcha plankton. Usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, ncheni ndi kampango zimadya nsomba zing'onozing'ono, ife timadya zonsezo. Ndondomeko ya kudyana kumeneku ndi imene amati food chain. Ili ngati unyolo wa njinga: kachidutswa kamodzi kakaduka, njinga yonse imaima. Asodzi ankadziwa kale kuti mwera ndi woopsa kwa bwato koma pambuyo pake nyanja imabereka. Katswiri anangoonjezera chifukwa chake.

Nsomba za kuno kokha

Mau ena amene timawamva pa wailesi ndi akuti endemic. Chamoyo chikakhala endemic ndiye kuti chimapezeka malo amodzi okha padziko lonse lapansi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi osakhala amchere. Akatswiri amati mitunduyi ndi yoposa 800, ndipo pafupifupi yonse ya m'banja la chambo, utaka ndi mbuna sipezeka kwina kulikonse. Nchifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse. Mbeu ya chimanga ikatha kwathu tingathe kukapempha ku Zobue. Mtundu wa chambo ukatha m'nyanja muno palibe kokapempha.

Maina a Chilatini amene akatswiri amapatsa nsomba asatiopseze. Nsomba iliyonse ili ndi maina awiri, loyamba ngati mfunda, lachiwiri ngati dzina la ubatizo. Makumba amene timaweta m'madamu ndi Oreochromis shiranus, ndipo dzina lachiwirilo likuchokera ku mtsinje wa Shire. Mtundu wina wa chambo ndi Oreochromis karongae, kuchokera ku Karonga. Wina ndi Oreochromis lidole, dzina limene katswiri wa ku England, mayi Ethelwynn Trewavas, analitenga kwa asodzi eni ake atabwera kudzafufuza m'nyanjayi mu 1939. Pali gulu lina la nsomba limene dzina lake la sayansi ndi Mchenga, chifukwa zimamanga zisa pamchenga. Mau akuti mbuna ndi a Atonga a ku Nkhata Bay, koma lero amadziwika kwa oweta nsomba zokongoletsa nyumba ku Germany ndi ku America. Ngakhale mau athu akuti dambo analowa m'mabuku a sayansi monga mmene alili. Tsono amene anaphunzitsa mnzake ndani?

Chambo chili ndi khalidwe lochititsa chidwi. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola nkuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ana akayamba kusambira chimapita nao m'madzi osaya a m'mbali mwa bango. Pakabwera choopsa anawo amathawira m'kamwa mwa mai wao. Nsomba yotere amati mouthbrooder, ndiye kuti yofungatira ana m'kamwa. Poyerekeza ndi mlamba umene umaikira mazira zikwizikwi, chambo chimabereka ana ochepa. Khoka likakokedwa pamchenga nthawi yoswana limaphwasula zisa, ndipo likagwira mai limapha banja lonse nthawi imodzi. Werengani Deuteronomo 22:6-7 muone zimene Aisraele analamulidwa pa za mbalame yofungatira ana ake pachisa.

Izi si nthano. Nyanja ya Malombe, imene Shire amadutsamo atangotuluka m'nyanja ya Malawi, inali nkhokwe ya chambo m'zaka za m'ma 1980. Makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa. Kugwira nsomba mopyola mmene zimaswanirana ndi kumene amati overfishing. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'midzi ya ku Malombe, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za nsomba lopereka mphamvu kwa makomiti otere. Komabe mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo yatsala pang'ono kutheratu.

Nyengo yotseka nyanja, imene pachingerezi amati closed season, si nkhanza za boma. Kum'mwera kwa nyanja ya Malawi imayamba mu Novembala, nthawi imene chambo chimaswana. Ndipo nzeruyi sinachokere kunja. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera.

Ife a ku Mwanza tilibe khoka, koma tili ndi ndalama yogulira. Tiana ta chambo timene amati kasawala sitingafike pamsika wathu ngati palibe wotigula. Masikito amene timalandira kuchipatala kuti titeteze ana ku malungo ena amakathera kunyanja, kumene amakokolola nsomba ndi mazira omwe. Tikudziwa kuti mai wosauka amagula chimene ndalama yake ikukwana, ndipo sitikumuweruza. Koma amene amapikula nsomba ndi kudzagulitsa, ena mwa iwo ndi akhristu anzathu, amadziwa bwino chimene akunyamula ndi mwezi umene akuchinyamula.

Denga lathu ndi chidebe cha anzathu

Tsopano tibwere kwathu. Mau amene amamveka kwambiri pamisonkhano ya kuno ndi akuti catchment. Taganizani denga la malata la tchalitchi. Mvula yonse yogwa padengapo imatsikira mu ngalande imodzi nkukagwera m'chidebe. Denga likakhala ndi fumbi ndi zitosi, zonsezo zimakapezeka m'chidebemo. Catchment ndi dera lonse limene madzi ake a mvula amatsikira mu mtsinje umodzi kapena nyanja imodzi. Malire ake si a mfumu kapena a boma, ndi misana ya mapiri.

Tinene zoona: madzi a ku Mwanza salowa m'nyanja ya Malawi. Ife tili kumunsi kwake. Lisungwi ndi Wamkulumadzi, mitsinje imene timaoloka popita ku Zalewa, imathira mu Shire kumtunda kwa mathithi a Kapichira. Mtsinje wa Mwanza umatsikira kuchigwa nkukathira mu Shire m'boma la Chikwawa. Choncho denga ndife, pamodzi ndi abale athu a ku Neno amene tinali nao boma limodzi mpaka 2003. Chidebe chili ku Kapichira ndi m'midzi ya ku Chikwawa.

Mtengo umachita ntchito ziwiri pa phiri. Masamba ake amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, ndipo mizu ndi zinyalala zake zimathandiza madzi kulowa pansi. Madzi olowa pansiwo amasungika m'madambo ndi kutuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Dambo lili ngati chinkhupule. Mitengo ikatha, madzi amathamanga pamwamba tsiku limodzi lokha, atanyamula dothi la chonde. Uku ndiko kukokoloka kwa nthaka, iwo amati erosion. Dothilo likafika pamene madzi amayenda pang'onopang'ono limakhazikika nkukwirira mtsinje kapena damu, ndipo kukwiririka kumeneku amati siltation. Amene anayenda kumunsi kwa mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa anaona mchenga wokhawokha m'chilimwe, ndi madzi osefukira m'midzi m'dzinja. Mchenga umenewo wina unali minda yathu.

Matope amaononganso magetsi. Makina a ku Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966, a ku Tedzani mu 1973, a ku Kapichira mu 2000, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera m'malo atatuwa. Damu likadzaza matope limasunga madzi ochepa, ndipo mchenga umadya zitsulo za makina. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023. Tonse tikukumbukira mdima wa miyezi imeneyo, ndi mizere ya kuchigayo. Sitikunena kuti namondwe anabwera chifukwa cha makala. Tikunena kuti mvula yomweyo ikagwa pa phiri la mitengo ndi pa phiri lometedwa, madzi ake safika kumunsi mofanana.

Za makala tiyenera kukambirana moona mtima. Matumba amene amaima m'mbali mwa mseu wa Zalewa akupita ku Blantyre, ndipo ootcha ambiri amachita izi chifukwa cha njala ndi fizi ya ana. Phindu lalikulu limapita kwa amalori. Koma nkhalango ya Thambani ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ikatha, amalori adzasamukira kwina, ife tidzatsala ndi zigwembe. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yake ndi komiti yoisamala. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti dziko ndi nyumba ya tonse ndipo likaonongeka oyamba kuvutika ndi osauka. Kwa ife osaukawo ali ndi malo ake: ndi akhristu anzathu a ku Chikwawa amene amagona m'masukulu madzi akasefukira.

Zimene zimachitika m'denga lathu zimachitikanso m'maboma amene mitsinje yake imathira m'nyanja, monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa. Matope akalowa m'nyanja amadetsa madzi, dzuwa silifika pansi, ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya zimakwiririka, ndipo mpasa umene umakwera mitsinje kukaswana umapeza miyala yake yoikirapo mazira itafotseredwa.

Nyanja imakwera, nyanja imatsika

Ambiri timaganiza kuti madzi a m'nyanja amatha chifukwa cha Shire. Si choncho. Pafupifupi magawo anai mwa asanu a madzi otuluka m'nyanja ya Malawi amauma ndi dzuwa ndi mphepo nkukwera kumwamba ngati nthunzi, amati evaporation. Shire amangotenga otsala a pamwamba. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatana nyanja imatsika, ndipo kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 Shire analeka kutuluka m'nyanja. Zitachitikanso lero, makina onse atatu aja akhoza kuima. Chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde chinamangidwa mu 1965 kuti chithandize kusunga ndi kugawa madziwa. Mu 2024 vuto linali lina: nyanja inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi.

Nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba ambiri, ndi yosiyana. Ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukira, nchifukwa chake madzi ake ndi amcherechere. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso.

Mlendo woononga

Pomaliza pali mau akuti invasive species, kunena chomera kapena nyama yochokera kwina imene ikafika pamalo imaswana mopanda choiletsa nkupondereza za eni dera. Namasupuni amene amadzaza mu Shire ndi kutseka makina a magetsi kwao ndi ku South America.

Kuli Mwanza wina ku Tanzania, mzinda waukulu wa m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. M'zaka za m'ma 1950 m'nyanja imeneyo munaikidwa nsomba yaikulu yodya zinzake yotchedwa Nile perch, poganiza kuti asodzi apindula. Pofika m'zaka za m'ma 1980 mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za kumeneko, za banja limodzi ndi utaka wathu, inali itasowa. Nsomba yaikuluyo inabweretsa mafakitale ndi ndalama zakunja, koma mitundu yotayikayo palibe angaibweze.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa tili pachipata cha dziko, ndipo alimi ambiri akukumba madamu a nsomba. Wina akabwera ndi mbeu ya nsomba yochokera kunja, nkumati imakula msanga kuposa makumba ndi chilunguni, tisathamangire. Damu limasefukira m'dzinja, nsomba zimalowa mu mtsinje, ndipo mtsinje umakathira mu Shire. Lamulo la 1997 lija limaletsa kusamutsira nsomba m'madzi amene si kwao popanda chilolezo. Mbeu tizitenga kudzera kwa alangizi a za nsomba, ndipo tizifunsa dzina lake lenileni ndi kumene yachokera.

Ufulu wofunsa

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu ku anthu, ndipo chitukuko chimayenera kuyambira m'makomiti a VDC ndi ADC. Membala wa komiti, mai kapena bambo, ali ndi ufulu woimika mlangizi mwaulemu ndi kunena kuti: Pepani achikulire, mau amenewo m'Chichewa ndi chiyani? Mlangizi wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere. Tingafunsenso kuti catchment akunenayo ikuyambira phiri liti ndi kuthera pati, midzi iti ili m'katimo, ndani adzasamale mitengo alendowo akapita, ndipo amene akuuzidwa kuti aleke kulima m'mbali mwa mtsinje adzadya chiyani chaka choyamba. Nafenso tili ndi zoti timuuze mlangiziyo, chifukwa agogo a pamudzi amadziwa chaka chimene kasupe wakuti anaphwa ndi mitengo imene inali pamenepo.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Madzi a mvula yogwa pamudzi pathu amatsikira mu mtsinje uti, ndipo mtsinjewo umakathira kuti? Jambulani pansi ndi kamtengo, muonetse midzi ya kumtunda ndi ya kumunsi kwathu.

2. Funsani achikulire awiri a mu mphakati kuti atchule nsomba, akasupe ndi madambo zimene zinalipo ali ana. Ndi ziti zimene zilipobe?

3. Mnzathu wa mu mphakati amadyetsa banja lake ndi makala, wina ndi geni ya kasawala. Tingalankhule nao bwanji, ndipo tingawathandize ndi chiyani kuti asagone ndi njala?

4. Ndi mau ati ena amene tinawamva pamsonkhano koma sitinawamvetse? Mlembi awalembe ndi kuwapereka ku komiti ya chitukuko ya parishi, kuti mlangizi wa za nkhalango kapena wa za nsomba adzaitanidwe kudzawamasulira pa msonkhano wa mwezi wamawa.